Matanthauzo Akale a Mawu a Chingerezi Omveka pa Songani

Mawu ambiri a Chingerezi omwe anthu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku sadayambe ndi matanthauzo omwe ali nawo lero. Cha m'ma 1300, munthu wa ku England akauza mnzake kuti ndi "nice" ankakhala atamunyoza, pakuti mawuwo ankatanthauza chitsiru. Adachokera ku mawu a Chilatini oti "nescius", munthu wosadziwa kanthu. Patapita nthawi adayamba kunena za munthu wosankhasankha, wovuta kumukondweretsa, ndipo tanthauzo la chinthu chokoma lidadzakhazikika m'zaka za m'ma 1700. "Silly", omwe lero amanena munthu wopusa, kale ankanena munthu wodala. "Meat" chinali chakudya chilichonse, "deer" inali nyama iliyonse yamoyo, ndipo "girl" anali mwana wamng'ono, kaya wamkazi kaya wamwamuna.

Nkhani yotere ingaoneke ngati ya akatswiri a ziyankhulo a ku London okhaokha, koma ili ndi malo ake pa Songani. Munthu ataima pamsika, m'mbali mwa msewu wa M3 wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, n'kutchera khutu kwa ola limodzi, angamve mawu ochokera ku Chingerezi atalukana ndi Chichewa ndi Chiyao: golosale, okala, siteji, fomu, wailesi, kutchipa, kuoda. Ophunzira ena amawayesa Chingerezi chothyoka, choyenera kuchita nacho manyazi. Maganizo amenewa ndi olakwika. Ena mwa mawuwa asunga tanthauzo lomwe eni ake ku England adalisiya kalekale, ndipo ena adasintha kuno m'njira yomweyo yomwe mawu amasinthira kulikonse.

Chingerezi chidafika m'dera lino kudzera m'makomo angapo, ndipo khomo lililonse lidalowetsa mawu ake. David Livingstone ndi John Kirk adafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, koma anali odutsa chabe. Omwe adakhazikika anali amishoni a Church of Scotland. Alexander Hetherwick adatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, pafupi ndi Songani pomwepa, ndipo adaphunzira Chiyao mpaka kulemba buku lophunzitsa chiyankhulocho. Kuyambira 1891 Zomba idakhala likulu la boma la atsamunda, ndi maofesi ake, makalaliki ake komanso asilikali omwe pambuyo pake adatchedwa King's African Rifles. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma lidatsegula Jeanes Training Centre ku Domasi komweko, yophunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo. Amuna omwe adapita ku Joni ndi ku Halale nawonso ankabwerako ndi mawu a m'migodi ndi a m'mafamu. Motero Chingerezi chomwe chidamera mizu pano chinali cha nthawi ya Mfumukazi Victoria ndi zaka zotsatira, cha m'kamwa mwa Asikotchi, asilikali ndi akapitawo. Ku England chiyankhulocho chidapitirira kusintha, pomwe kuno mawu ena adakhala momwe adafikira.

Matanthauzo akalewa sadziwika mongoganizira. Buku loyamba lotanthauzira mawu a Chingerezi m'Chingerezi momwemo lidalembedwa ndi Robert Cawdrey mu 1604, ndipo linali ndi mawu pafupifupi 2,500 okha. La Samuel Johnson la mu 1755 linali ndi mawu oposa 42,000. Koma lomwe lidatsata mbiri ya liwu lililonse ndi Oxford English Dictionary, lomwe mkonzi wake wamkulu kuyambira 1879 anali Msikotchi wina, James Murray. Gawo lake loyamba lidatuluka mu 1884, chaka chomwe Hetherwick ankamanga ku Domasi, ndipo ntchito yonse idatha mu 1928. Anthu ongodzipereka ankawerenga mabuku akale, n'kumalemba pa timapepala chiganizo chomwe liwu lapezekamo, dzina la buku ndi chaka chake. Timapepala timeneti titasanjidwa kuyambira kakale kwambiri, ulendo wonse wa liwu unkaoneka poyera.

Pamsika ndi pomwe kusinthaku kumaonekera bwino. "Grocer" wa ku London wa m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 sanali wogulitsa shuga wa pasupuni. Anali wamalonda wamkulu wopikulitsa katundu wambiri nthawi imodzi, makamaka tsabola ndi zokometsera zina zochokera kutali, ndipo dzinalo lidachokera ku mawu oti "gross", kutanthauza chochuluka. Pang'ono ndi pang'ono dzinalo lidatsikira kwa ogulitsa pang'onopang'ono, ndipo litafika kuno lidasanduka golosale, kasitolo komwe mayi amagulako sopo mmodzi, machesi ndi mafuta ophikira a m'kapepala ka pulasitiki. Okala nayo ili ndi mbiri yotembenuka. "Hawker" anali munthu woyenda khomo ndi khomo atasenza malonda, akufuula kuitana ogula. Kuno okala siyenda: ndi kanyumba kokhala ndi zenera lotchinga ndi waya, ndipo woyendayenda uja ndi amene akutchedwa venda. "Store", gwero la sitolo, poyamba anali katundu wosungidwa kuti adzagwire ntchito m'tsogolo, kenako nyumba yosungiramo katunduyo, ndipo ndi ku America ndi m'maiko a atsamunda komwe liwulo lidafala ndi tanthauzo la malo ogulitsira.

Kutchipa nako kuli ndi chiyambi chodabwitsa. M'Chingerezi chakale "ceap" anali malonda enieniwo, kugula ndi kugulitsa, n'chifukwa chake msewu wina wa ku London womwe unali msika waukulu umatchedwa Cheapside mpaka lero. Anthu ankati chinthu chili "good cheap", ndiye kuti malonda ayenda bwino. Kenako liwu loyambalo lidagwa, n'kutsala "cheap" yekha atasenza tanthauzo la mtengo wotsika. Mayi wa geni yemwe amalawirira ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kukaoda matemba akugwiritsanso ntchito liwu lomwe layenda mtunda wautali. "Order" unali mndandanda kapena mzere, kenako lamulo, kenako kuitanitsa katundu kwa wamalonda. M'Chichewa kuoda ndi kugula zambiri kuti ukagulitsenso, ngakhale utapita wekha ndi ndalama m'manja. Kusinthaku sikudathe ayi. Kajumbo kakang'ono ka ufa wophika kamodzi kadapatsidwa dzina la Walkman, kachipangizo komverera nyimbo komwe kampani ya Sony idatulutsa mu 1979, chifukwa nakonso kamanyamulika m'dzanja limodzi. Tanthauzo limeneli lidabadwira m'misika ya Malawi.

Pamsewu pali siteji. Ku England lero munthu amadikira basi pa "bus stop", ndipo akamva "stage" amaganiza za nsanja ya zisudzo. Koma m'zaka za m'ma 1600 mpaka 1800, pomwe anthu ankayenda pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, "stage" anali malo opumira ndi osinthira akavalo, komanso mtunda wa pakati pa malo awiri otero. Kondakitala wa minibasi wofunsa kuti wotsika pa siteji ya Songani alipo akuyankhula Chingerezi cha nthawi imeneyo. Dalaivala poyamba anali wokusa ziweto, "car" inali ngolo, ndipo basi ndi chidule cha "omnibus", mawu a Chilatini otanthauza "cha onse", omwe adapatsidwa ngolo zonyamula anthu ku Paris mu 1828 ndi ku London mu 1829. "Journey" unali ulendo wa tsiku limodzi basi. "Travel" ndi mapasa ndi "travail", kuvutika ndi ntchito yowawa, chifukwa kuyenda masiku amenewo kunali kuzunzika ndithu.

Sitima ndi liwu loyenera kuimapo pang'ono. Lidachokera ku "steamer", chombo choyendera nthunzi, monga Ma Robert yomwe Livingstone adakwera nayo mtsinje wa Shire, kapena Ilala yoyamba yomwe idalowa m'nyanja ya Malawi mu 1875. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, anthu adaona chinthu china chofuka utsi ndi kulira mofanana, ndipo adachitchanso sitima, n'kumasiyanitsa ya pamadzi ndi ya pamtunda. Lero yomwe imadutsa ku Liwonde kupita ku Nayuchi, kumpoto kwa nyanja ya Chilwa, panjanji yomwe idatsegulidwa mu 1970, imayendera dizilo, chimodzimodzinso Ilala ya mu 1951. Nthunzi idatha koma dzina lidatsala.

Kusukulu ndi komwe Malawi wasunga Chingerezi chakale kwambiri. Mwana wa kuno amayamba Sitandade 1 mpaka 8, kenako Fomu 1 mpaka 4. Masitandade adakhazikitsidwa ku England ndi malamulo a maphunziro a mu 1862, pomwe boma lidayamba kupereka ndalama kusukulu potengera chiwerengero cha ana omwe akhoza mayeso a muyezo uliwonse. Liwulo poyambirira linali mbendera ya kunkhondo, kenako muyezo wovomerezeka ndi mfumu. England idasiya masitandade kalekale, ndipo cha m'ma 1990 sukulu zake zambiri zaboma zidasiyanso mafomu n'kuyamba kuwerenga zaka. "Form" ilinso ndi tanthauzo lina la m'zaka za m'ma 1300, la mpando wautali wopanda chotsamira. Mwana wa ku London sangalidziwe tanthauzo limeneli, koma mkulu wa mpingo pa Songani akauza anyamata kuti atulutse mafomu panja, aliyense amadziwa choti anyamule. Kope ndi chidule cha "copy-book", buku lomwe ana ankakoperamo zilembo za mphunzitsi. "Pen" inali nthenga ya mbalame, pensulo kanali kaburashi ka wojambula, ndipo pepala lidatenga dzina kwa "papyrus", gumbwa wa m'madambo yemwe Aigupto ankalembapo. Sukulu yeniyeniyo idachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza nthawi yopuma, chifukwa wokhala ndi mpata wophunzira anali yekhayo wosapanikizika ndi ntchito. Makolo a m'madambo a Chilwa, omwe nyengo ya mpunga amafuna mwana woingitsa mbalame pomwe belu la sukulu likulira, amalidziwa bwino vuto limeneli.

Pa kuwerenga ndi kulemba, Chingerezi ndi Chichewa zidayenda njira zofanana. "Write" kunali kukanda kapena kuzokota zizindikiro pa mtengo kapena pa mwala. "Read" kunali kulangiza kapena kumasulira chinthu chobisika. "Tell" kunali kuwerengera, n'chifukwa chake wolandira ndalama kubanki amatchedwa "teller" ngakhale safotokoza nthano. M'Chichewa namonso liwu limodzi, kuwerenga, limagwira ntchito pa mbuzi za m'khola ndi pa masamba a buku. Anthu akalandira luso latsopano satola dzina kumwamba. Amatambasula liwu lomwe ali nalo kale.

Mawu a kuboma ali ndi mbiri yawo. "Clerk", kalaliki, anali munthu wa mpingo, wansembe kapena wothandizira wake, chifukwa ku Ulaya wa nthawi imeneyo odziwa kulemba ambiri anali a m'tchalitchi. "Secretary" anali wosunga zinsinsi za mfumu. Bajeti kanali kachikwama kachikopa, ndipo dzinalo lidasamukira ku mapepala a ndalama omwe ankanyamulidwamo. "Governor", yemwe kuno ankatchedwa Bwanamkubwa, ndi liwu lomwe muzu wake m'Chigiriki ndi kuwongolera chombo. "Minister" m'Chilatini ndi wamng'ono, wotumikira, mosiyana ndi "magister", wamkulu, komwe kudachokera "master". Akuluakulu oyang'anira maboma m'zaka zoyambirira za utsamunda ankatchedwa "Collector", wotolera, dzina lobwerekedwa ku India, ndipo silinkabisa kanthu: ntchito yawo yaikulu inali msonkho wa nyumba. Pambuyo pake adatchedwa "Resident", kenako "District Commissioner", yemwe mpaka lero ndi a Disi. Kuchipatala, dokotala poyamba anali mphunzitsi, makamaka wa zachipembedzo, nesi anali mayi woyamwitsa mwana wa wina, ndipo "hospital" inali nyumba yolandirira alendo ndi amphawi, pachibale ndi "hotel" ndi "hostel".

Pali liwu limodzi lomwe tanthauzo lake lakale lidabwera kuno ndi chipongwe. Cha m'ma 1300 "boy" sankatanthauza mwana wamwamuna poyamba. Ankatanthauza wantchito, munthu wapansi. Ku England tanthauzolo lidazilala, koma m'maiko a atsamunda lidatsitsimuka. Bambo wa imvi, wa zidzukulu, wophikira mzungu ku Zomba ankaitanidwa kuti boyi, ndipo kanyumba kake ka kuseri kwa nyumba yaikulu kankatchedwa "boys' quarters". Dzinali likumvekabe pakamwa pa ochititsa lendi ndi olemba antchito a pakhomo. Si mawu onse akale oyenera kusungidwa. Munthu wamkulu wolima maluwa kapena wophika pakhomo pa wina ali ndi dzina lake ndi mfunda wake, ndipo ayenera kuitanidwa nazo.

Chipongwe chotere chili ndi mizu yakuya m'Chingerezi. "Villain", chigawenga cha m'mafilimu, anali mlimi wokhala pamunda wa bwana. "Boor" ndi "churl", omwe lero amanena munthu wamwano, anali mlimi ndi munthu wamba. "Naughty", lomwe aphunzitsi amadzudzula nalo ana, linkanena wopanda kanthu, mmphawi. Odziwa kulemba ndi omwe ankaumba chiyankhulo cha m'mabuku, ndipo ankayang'ana a kumunda monyoza, mpaka dzina la ntchito yawo lidasanduka dzina la khalidwe loipa. Chichewa sichidapulumuke ku matenda amenewa. Wa m'tauni akanena kuti chinthu ndi chachimidzi, akuchita zomwezo kwa anthu omwe amamulimira chakudya.

Kumunda ndi kukhitchini kuli zitsanzo zina. M'Chingerezi cha ku Malawi ndiwo ndi "relish", ndipo mlendo wochokera ku England amadabwa nazo, popeza kwawo lero liwulo limanena tomato kapena zipatso zosakaniza ndi vinyo wosasa za m'botolo. Poyamba linkanena kakomedwe kotsalira m'kamwa, kenako chilichonse chokoma chodyera chakudya chozizira m'kamwa. Tanthauzo lachiwirili ndi lomwe azungu oyamba adaona kuti likuyenera matemba, mlamba ndi nkhwani pambali pa nsima, ndipo lakhala choncho. "Corn" inali mbewu iliyonse ya maso, ku England makamaka tirigu. Ndi ku America komwe idasanduka chimanga. "Farm" sunali munda koma lendi yokhazikika yomwe munthu ankalipira kwa mwini malo, zomwe zikukumbutsa thangata la m'maesiteti monga a A. L. Bruce ku Magomero, lomwe lidali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. "Cattle" chinali chuma cha mtundu uliwonse, pachibale ndi "capital", mpamba wa bizinesi. "Spoon" kanali kachibanthu ka mtengo. "Lord" anali wosunga buledi, "lady" wokanda buledi, "wife" mkazi aliyense, wokwatiwa ndi wosakwatiwa yemwe. "Starve" kunali kufa imfa ya mtundu uliwonse, osati ya njala yokha.

Komwe kudziwa zimenezi kuli kofunika kwambiri ndi kutchalitchi. Alaliki ambiri amakonda Baibulo la King James la mu 1611, ndipo ena amalalika m'Chingerezi wina akumasulira m'Chichewa pomwepo. Chingerezi cha Baibulo limeneli chili ndi zaka zoposa 400, ndipo mbuna zake sizili m'mawu ovuta, omwe munthu amaima n'kufunsa, koma m'mawu ooneka odziwika. Pa 1 Atesalonika 4:15 pali "prevent", lomwe pamenepo silitanthauza kuletsa koma kutsogola. Pa Aroma 1:13 pali "let", ndipo tanthauzo lake ndi kutsekereza, kutembenuza kwenikweni kwa kulola kwa lero. Pa Marko 10:14 "suffer" si kuzunzika, ndi kuloleza. Womasulira wosadziwa angachititse mpingo kuganiza kuti ana akuuzidwa kuti avutike, pomwe akuitanidwa kuti abwere. "Conversation" pa 1 Petro 3:1 ndi makhalidwe, osati macheza, ndipo vesilo likunena za kukopa munthu popanda mawu, kotero kulimasulira ngati kucheza ndi kuligwetsa chagada. "Meat offering" ya pa Levitiko 2 ndi nsembe ya ufa ndi mafuta, mulibe nyama. "Charity" ya pa 1 Akorinto 13 ndi chikondi, osati zopereka kwa osauka zokha. "Corn" yemwe Yosefe adasunga ku Aigupto sichinali chimanga, pakuti chimanga chidachokera ku America ndipo chidawoloka nyanja pambuyo pa 1492. "Ghost" unali mzimu uliwonse, osati mzukwa wokha. Mlaliki wosamala amaika Baibulo limeneli pambali pa Buku Lopatulika la mu 1922 kapena Buku Loyera la mu 1998 asadakwere pagome, ndipo kawirikawiri Chichewacho chimamuonetsa tanthauzo lomwe Chingerezi chakalecho chabisa.

Zipangizo zamakono nazonso zidavala mayina akale. Wailesi ndi "wireless", dzina lomwe anthu a ku Britain ankaitchula nalo m'zaka za m'ma 1920 mpaka 1950, nthawi yomwe mawailesi otsika mtengo otchedwa Saucepan Special adayamba kufala kuyambira 1949, akumvera siteshoni ya ku Lusaka. Ku England liwulo lidagonja kwa "radio", ndipo lero likamveka limanena intaneti yopanda mawaya; m'Chichewa likadali pa ntchito yake yoyamba. "Broadcast" anali mawu a alimi a m'zaka za m'ma 1700, kufesa mbewu mowaza ndi dzanja, monga amachitira ena ndi mpunga kudambo. Kompyuta anali munthu. Liwulo likupezeka m'mabuku kuyambira 1613 likunena wowerengera masamu, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1950 amayi monga Katherine Johnson wa ku America ankalembedwa ntchito pa dzina limenelo.

Pamafunika kusamala, chifukwa nkhani za magwero a mawu zimakopa mabodza okoma. Ambiri adaphunzitsidwa kuti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Si zoona. Boma ndi liwu la Chiswahili lotanthauza linga kapena mpanda wotetezera anthu ndi ziweto, ndipo linalipo atsamunda asadamange ofesi ndi imodzi yomwe. Maofesi awo oyamba ankakhala m'malinga otero, dzina n'kuwakakamira. Enanso amati "news" ndi zilembo zoyamba za North, East, West ndi South, pomwe liwulo langochokera ku "new", zinthu zatsopano, ndipo lili ndi zaka zoposa 500. Mchitidwe wopanga mawu ndi zilembo zoyamba udafala m'zaka za m'ma 1900, choncho nthano iliyonse yonena kuti liwu lakale ndi chidule iyenera kukayikiridwa. Komanso si liwu lililonse lachilendo lomwe ndi la Chingerezi. Nsapato, mbatata, zenera ndi kapitawo ndi za Chipwitikizi, buluku ndi la Chibunu, ndege ndi galimoto ndi za Chiswahili.

Cholakwa china ndi kuganiza kuti tanthauzo lakale ndiye lenileni, ndipo la lero ndi lopotoka. Liwu limatanthauza chomwe olankhula a nthawi yake agwirizana. Wouza mlendo kuti ndi "nice" lero sakumutukwana, kaya Chilatini chinkati chiyani. Wophunzira wa Fomu 4 ayenera kukumbukira kuti satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa yemwe walephera Chingerezi, ndipo oyesa a MANEB amafuna tanthauzo la lero. Tanthauzo lakale ntchito yake ndi ina: limamuthandiza kumva Shakespeare ndi mabuku ena akale, limamuthandiza kukumbukira liwu chifukwa wadziwa komwe lidachokera, ndipo limamuchotsa manyazi pa Chingerezi cha agogo ake. Mphunzitsi yemwe wamva mwana akunena "stage" m'malo mwa "bus stop" angachite bwino kumuuza kuti liwulo ndi lakale ndi lolondola kuno, kenako n'kumuphunzitsa lomwe akamve kunja, kusiyana ndi kumuseka pamaso pa anzake.

Mbali ya Chichewa ya mbiri imeneyi sinalembedwe mokwanira. David Clement Scott adasindikiza dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, Hetherwick adaikonzanso mu 1929, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, koma mawu obwereka ambiri amabwera ndi kupita osalembedwa paliponse. Tiki, sikisi ndi sheleni zidayamba kuiwalika kwacha ndi tambala zitalowa mu 1971, ndipo omwe adagulapo mchere ndi ndalama zimenezo akucheperachepera. Aphunzitsi a Chichewa ndi a Chingerezi m'sukulu za pa Songani ndi ku Domasi angathe kutuma ophunzira kwa agogo awo, kwa asodzi a ku Kachulu ndi kwa omwe adagwirapo ntchito ku Joni, kuti akalembe liwu, chiganizo chomwe lamvekamo, malo ndi chaka. Ntchitoyi imangofuna kope ndi pensulo, ndipo iyenera kuyamba eni mawuwo akadali moyo.